Ana ogona m'makonde a masitolo: akuchokera kuti, ndipo msewu ukuwasandutsa chiyani?

Dzuwa likamalowa mu Limbe, pa Wenela kapena kumsika waukulu wa ku Lilongwe, ana omwe aswera akupemphetsa, kugulitsa majumbo ndi kunyamulira anthu katundu amagawikana pawiri. Ambiri amawerenga tindalama tawo, kutimangirira m'kabudula, n'kuyamba wapansi kulowera ku Bangwe, ku Mbayani, ku Chinsapo kapena ku Mtandire. Amenewo akupita kwawo. Ena ochepa sapita kulikonse. Amadikira kuti masitolo atsekedwe, alonda akoleze moto, ndiye ayale makatoni pakhonde kapena atsetserekere kunsi kwa mlatho. Odutsafe timawaunjika pamodzi n'kuwatcha ana amasikini, koma moyo wa magulu awiriwa ndi wosiyana, ndipo nkhani yonse ya ana osowa pogona yagona pa mmene mwana amachokera m'gulu loyambalo n'kugwera m'gulu lachiwiri.

Pa chiwerengero mpamene anthu timasocherera msanga. M'manyuzipepala ndi pawailesi timamva kawirikawiri kuti ana a m'misewu m'Malawi muno alipo 15,000. Koma kalembera amene anachitika mwadongosolo m'mizinda iwiri ikuluikulu ndi wa mu 2014, pomwe mabungwe a Retrak ndi Chisomo Children's Club, mogwirizana ndi unduna woona za ana, anawerenga ana a zaka 7 mpaka 15. Kuwerenga ana oyendayenda n'kovuta, poti amene wamuona kudepoti m'mawa, masana ali kumsika. Choncho owerengawo anazungulira kawiri, n'kuona kuti mwa ana omwe awapeza ulendo wachiwiri ndi angati amene analembedwa kale, ndipo pamenepo ndiye anayerekezera kuchuluka kwa onse. Anapeza ana pafupifupi 2,400 ku Lilongwe ndi pafupifupi 1,800 ku Blantyre. Mwa ana 5 alionse, pafupifupi 4 anali anyamata. Chachikulu n'chakuti ogona mumsewu anali pafupifupi mmodzi yekha mwa ana 10 alionse. Enawo madzulo ankabwerera kunyumba, ambiri a iwo kwa kholo lowabereka.

Kukokomeza manambala si kwathu kuno kokha. Chiwerengero choti padziko lonse pali ana a m'misewu 100 miliyoni chinatchuka m'zaka za m'ma 1980, ndipo anthu anapitiriza kuchibwereza zaka makumi angapo chili chomwecho, ngati kuti ana analeka kubadwa ndi kukula. Nambala yaikulu imathandiza popempha ndalama, koma imaziziritsanso nkhongono, munthu n'kumaona ngati palibe poyambira. Ana mazana angapo ogona panja mumzinda umodzi ndi oti khonsolo, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ndi mipingo akhoza kuwadziwa mayina mmodzimmodzi. Kalembera uja ndi wakale tsopano, ndipo pakati apa padutsa Covid-19, anamondwe ndi kugwa kwa kwacha, moti sindikhulupirira kuti anawo achepa. Koma chithunzi chake chikadali chothandiza: ogona panja ndi kagulu kochepa kamene kamadzadzidwa tsiku ndi tsiku kuchokera ku gulu lalikulu la ana oswera m'tauni.

Ukafunsa chimayambitsa n'chiyani, aliyense amathamangira kutchula umphawi, ndipo sakunama. Kalembera wa dziko wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, theka la iwo ana osakwana zaka 18. Kafukufuku wa moyo wa m'mabanja wa 2019/20 anaonetsa kuti theka la Amalawi ndi osauka, ndipo mmodzi mwa anthu 5 alionse sapeza ngakhale chakudya chokwanira. Ndiye kuti ana osauka alipo mamiliyoni, pomwe a m'misewu ndi masauzande chabe. Umphawi pawokha sukwanira kufotokoza chifukwa chimene mwana uyu wagona pakhonde la sitolo pomwe mnzake wa nyumba yoyandikana, wosauka chimodzimodzi, wagona pamphasa kwawo.

Choyamba n'chakuti umphawi wa m'tauni uli ndi khalidwe lakelake. Kumudzi wosauka amatunga madzi pachitsime, kutola nkhuni, kuthyola chisoso ndi bonongwe, ndipo nyumba ndi yake ngakhale ikudontha. Ku Ndirande kapena kwa Mgona chilichonse chimafuna ndalama ya lero: lendi, ndowa ya madzi pampopi, kajumbo ka makala, kaufa kophika kamodzi komwe timati walkman. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonsezi inalumpha pomwe malipiro a ganyu ankakwawa. Pakhomo potere mwana wa zaka 9 ndi dzanja lina lopezera ndalama. Amayamba ndi kuperekeza mayi ake kukagulitsa tomato. Mawa lake amamusenzetsa beseni la zitumbuwa kapena mazira owiritsa kuti azungulire nalo yekha. Wina amatsogolera kholo losaona kapena kukankha njinga ya wachibale wolumala, makamaka Lachisanu, tsiku lomwe eni masitolo ambiri amapereka kangachepe kwa opempha. Pofika apa palibe amene wathawa pakhomo. Mwanayo watumidwa, ndipo akuthandiza banja.

Usiku woyamba wogona panja umabwera ndi kanthu kakang'ono. Ndalama ya malonda yatayika kapena wamulanda mnyamata wamkulu, mazira sanathe, kwada ali kutali ndipo mvula yayamba. Akaganiza za chikwapu chomwe chikumudikira, amasankha kutsala ndi anzake omwe waswera nawo, mwina m'kanyumba koonetsera mafilimu mpaka atseke. Kukacha manyazi ndi mantha zimakhala zawirikiza. Akabwerera patapita masiku awiri n'kulandiridwa ndi ndodo, ulendo wotsatira amakhalitsa. Miyezi ingapo ikamatha amakhala akungopitako mwa apo ndi apo, kenaka osapitanso. Chimene chimasiyanitsa ana awiri osauka aja nthawi zambiri n'chimene chimachitika pakhomo mwana akabwerako wopanda kanthu.

Mpake kuti nkhanza zili pakatikati pa nkhaniyi. Kafukufuku wa boma wa mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti anyamata awiri mwa atatu alionse ndi atsikana awiri mwa asanu alionse anamenyedwapo mwankhanza asanakwane zaka 18, ndipo mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwapo nkhanza zogonana. Ambiri timati kumenya ndi kulera. Mwana amene waona kuti m'tauni angathe kudzipezera chakudya yekha amakhala ndi kothawira, ndipo amathawadi.

Palinso chikhulupiriro chakuti ana a m'misewu ndi amasiye. Chinakhazikika m'zaka za m'ma 1990, Edzi itavuta, maliro ali tsiku ndi tsiku, agogo akutsala ndi zidzukulu zisanu ndi zitatu pakhomo. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, makolo ambiri anakhala ndi moyo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015/16 anapeza kuti ana 12 mwa 100 alionse anataya kholo limodzi kapena onse awiri, koma mwana mmodzi mwa 5 alionse sankakhala ndi kholo lomubereka ngakhale limodzi. Nambala yachiwiriyi ndiyo yofunika kuisinkhasinkha. Ambiri mwa anawa makolo awo ali moyo: banja linatha, bambo anapita ku Joni n'kutchona, mayi anakwatiwanso kwina, mwana anatumizidwa kwa azakhali.

Apa ndi pomwe tauni inasokoneza dongosolo lomwe makolo anakonza. Kumadera a chikamwini, banja likatha mwamuna ndiye amanyamula kathumba kake n'kubwerera kwawo. Ana amatsala pamudzi pa mayi awo, pamunda wa mbumba yawo, ndipo atsibweni awo, eni mbumba, ndiwo amayankha mwana akasowa chovala kapena akapalamula. Mwamuna watsopano akabwera amapeza anawo ali kwawo, iye ndiye mlendo. M'nyumba ya lendi ku Chirimba zinthu zimatembenuka. Nyumba ndi ya amene akulipira, ndipo kawirikawiri ndi bambo omupeza. Mwana wa banja loyamba amasanduka mlendo, m'kamwa mowonjezera, chikumbutso cha mwamuna wina. Mayi amakhala pakati pa mwana wake ndi denga lomwe akugonamo iye ndi ana aang'ono, ndipo atsibweni ali ku Dedza kapena ku Mulanje, nawonso akulimbana ndi ana awo. Kumadera olowola, komwe ana amatsata kuchimuna, mwana amatha kutsala ndi bambo ake ndi mayi omupeza, mayi omubereka atabwerera kwawo. Sikuti makolo onse opeza ndi ankhanza. Alipo ambiri amene akulera ana a anzawo mwachikondi, osawerengera. Koma pomwe ufa ndi wochepa, mwana wopanda womuyankhulira ndiye amayamba kumanidwa.

Imfa ikalowa pakhomo, achibale ena amathamangira katundu n'kusiya ana, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 linati kulanda katundu wotere ndi mlandu. Ndipo pali njira ina yochotsera mwana pakhomo yomwe anthu sakonda kuitchula: kumunena kuti ndi mfiti. Khanda likadwaladwala, bizinesi ikagwa, chala chimaloza mwana wamasiye uja, kapena wokodza pogona, kapena wakhunyu. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma mwana wa zaka 10 angakasume kwa yani? Akatopa ndi kukwapulidwa kuti aulule ndi kuzunguliridwa nawo m'mapemphero, amachoka, ndipo wotere ndiye wovuta kwambiri kumubwezera kwawo, chifukwa mudzi wonse umamuopa.

Sukulu ikanatha kugwira ambiri mwa anawa asanafike patali. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ophunzira anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense ayenera kupita kusukulu. Komabe yunifolomu, makope ndi tindalama tachitukuko zakhala zikubweza ana pakhomo. M'kalasi la ana oposa 100 mphunzitsi sangadziwe kuti wina wajomba sabata zitatu. Mnyamata wa zaka 13 amene wabwereza Sitandade 3 kawiri, atakhala pakati pa tiana ta zaka 8, amaona kuti kumsika n'komwe amalemekezeka. Phala limathandiza, bungwe la Mary's Meals, lomwe linayambira ntchito yake kuno mu 2002, ladziwika ndi zimenezi, ndipo mwana wodziwa kuti kusukulu akamwa phala amadzuka. Koma sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana anakhala miyezi yambiri opanda kalasi, opanda phala, ndipo ena atazolowera ndalama sanabwererenso. Ngozi zogwa mwadzidzidzi nazo zimakankha mabanja athunthu: namondwe Freddy mu Malichi 2023 anasowetsa pokhala anthu oposa 600,000, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe, momwemo mumzinda.

Nanga atsikana ali kuti, poti mumsewu anyamata ndiwo ambiri? Kunena kuti atsikana ali bwino kungakhale kudzinamiza. Mtsikana wosafunidwa pakhomo amakhala ndi msika wina. Amatengedwa kuchokera kumudzi kuti akaphunzitsidwe sukulu m'tauni, n'kukathera kulera ana a eni nyumba, kugona m'khitchini, malipiro osawaona. Ena amakwatiwitsidwa, kafukufuku wa 2015/16 uja anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18, ngakhale tsopano malamulo aakulu a dziko, kuyambira 2017, amati wosakwana 18 ndi mwana. Ena amathera m'tizipinda takuseri kwa mabala. Onsewa alibe kwawo, kungoti ali pansi pa denga la munthu wina, ndipo owerenga a mumsewu sangawaone. Ochepa amene amagonadi panja amafulumira kupeza mnyamata wamkulu woti aziwateteza, ndipo malipiro a chitetezocho ndi thupi lawo.

Tisaiwalenso kuti msewu uli ndi zokoka zake. Mwana amene kwawo amadya kamodzi, m'tauni amapeza zotsala za pachiwaya, mpunga wa m'malesitilanti, ndi ndalama yakeyake yomwe palibe angamufunse. Amapeza anzake omwe amagawana naye chakudya, kumutengera kuchipatala akadwala, kumupatsa dzina latsopano. Ukamuuza za sukulu ndi tsogolo, iye akudziwa kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. N'chifukwa chake boma lakhala likuchenjeza anthu kuti asamapereke ndalama kwa ana opemphetsa, ati zimawakomedwetsa. Pali choona pamenepo, makamaka kwa ana otumidwa ndi akuluakulu omwe amakhala patali n'kumalandira. Koma chenjezolo likabwera lokha, popanda china cholowa m'malo mwa ndalamayo, mwana uja salowera kusukulu. Amapita kukatola zitsulo ndi mabotolo kumtaya wa Mzedi kapena ku Area 38, kapena amaphunzira kupisa m'matumba.

Zimene msewu umachita pathupi la mwana zimaoneka ndi maso. Kugona popanda masikito ndi malungo. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi pasimenti ndi chifuwa chosatha. Kusamba mu Mudi kapena mumtsinje wa Lilongwe, momwe mumathera zonyansa za mzinda, ndi mphere ndi matenda otsegula m'mimba. Zilonda zochekedwa ndi mabotolo zimanyeka chifukwa kuchipatala amafunsa kuti wabwera ndi yani, ndipo mwana wauve amachita manyazi kuima pamzere. Amene anabadwa ndi kachilombo amasiya mankhwala, poti alibe powasunga ndiponso alibe womukumbutsa. Zosaoneka ndizo zoopsa kuposa apa. Ana aang'ono amapereka msonkho kwa akuluakulu a gulu kuti apatsidwe pogona, ndipo kugwiriridwa kwa anyamata, komwe anthu timakana kukukamba, kumachitika usiku m'malo amenewa. Chamba ndi mowa wotchipa amayamba ngati mankhwala a mphepo, njala ndi mantha. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti, unabwerera m'timabotolo, pamtengo womwe mwana wonyamula katundu angaukwanitse.

Mzinda nawo umalipira. Amayi amakumbatira zikwama akamadutsa pamlatho madzulo, oyendetsa galimoto amatseka mawindo pamaloboti, ndipo kulandidwa foni ndi gulu la anyamata ndi zinthu zochitikadi. Wonena kuti anawa onse ndi angelo sanayendepo usiku mu Limbe. Chovuta n'chakuti mantha sasankha. Wakuba mmodzi akathawa, anthu amagwira mwana aliyense wong'ambika malaya, ndipo pomwe anthu amaweruza okha ndi miyala, mwana wopanda womuikira kumbuyo ndiye amavulala.

Yankho lomwe akuluakulu amalikonda ndi kusesa. Madandaulo akachuluka, kapena kukamabwera alendo olemekezeka, galimoto zimazungulira usiku, ana n'kutoleredwa. Kwa zaka zambiri chida chake chinali lamulo la vakabu lomwe tinatengera kwa atsamunda. Mu Januwale 2017 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, yokhudza vakabu, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, venda wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha akupita kumsika wa Limbe. Chaka chomwecho komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inatulutsa ndemanga yake ya nambala 21, yokhudza ana a m'misewu, yomwe inatsutsa mchitidwe wowasesa. Lamulo lathu losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaona mwana wotere ngati wofunika chisamaliro, ndipo limaletsa kutsekera mwana kundende. Olakwa amayenera kupita kumalo osinthira khalidwe monga ku Chilwa ndi ku Mpemba. Papepala zili bwino. Koma malo osungira ana ndi ochepa, chakudya chimavuta, ogwira ntchito zachisamaliro m'boma lililonse ndi owerengeka, moti ana otoledwa Lolemba amapezeka abwerera pamalo pawo sabata isanathe, ataphunzira chimodzi chokha: kuthawa akaona galimoto ya boma, ngakhale itabwera ndi namwino.

Mabungwe amene akhala nthawi yaitali pantchitoyi, monga Chisomo ku Blantyre, Tikondane ku Lilongwe ndi Samaritan Trust, amayenda njira yochedwa. Amayamba ndi kuzolowerana ndi mwana komwe ali, chifukwa tsiku loyamba dzina amanama, mudzi amanama. Kenaka kufufuza kwawo, kukambirana ndi makolo, ankhoswe ndi amfumu, kuona ngati pakhomopo n'pobwererapo kapena pafunika wachibale wina, kumulowetsanso sukulu kapena kumuphunzitsa luso, n'kumapitako kukazonda miyezi yotsatira. Mwana amene wagona panja sabata ziwiri amabwerera mosavuta. Amene watha zaka zitatu amakhala atazolowera ndalama, ufulu ndi chamba, ndipo mudzi umamuona ngati chigawenga. Kumubwezera pakhomo pomwe njala ndi ndodo zomwe zinamuthamangitsa zikadalipo ndi kungomulipirira ulendo wobwerera. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zomwe zinayambira ku Mchinji mu 2006, zathandiza mabanja ovutikitsitsa kusunga ana pasukulu, koma kwa zaka zambiri zakhala zikufika makamaka kumidzi, pomwe ana ambiri oswera m'tauni amachokera m'makwalala a mumzinda momwemo, mtunda woyenda wapansi kuchokera pomwe akupemphetsa.

Ndipo anawa amakula. Kankhope komvetsa chisoni kamene kankabweretsa ndalama pa zaka 8 kamakhala katatha pofika zaka 15, anthu n'kuyamba kumuopa. Mabungwe ambiri amathandiza osakwana zaka 18, ndipo kalembera wa 2014 uja analekezera pa 15, kotero achinyamata okulira mumsewu sapezeka m'buku la aliyense. Ena amakhala oitanira minibasi, otsuka galimoto, alonda a usiku. Ena amakhala mabwana a ana atsopano, kuchita zomwe iwo anachitidwa. Atsikana amabereka, ndipo khanda lakumsana limayamba kupemphetsera lisanayambe kuyenda. Pa zaka 16 Mmalawi aliyense amayenera kukhala ndi chitupa cha unzika, chomwe chimafunika polembetsa nambala ya foni, potsegula akaunti kubanki, pofunsira ntchito yolembedwa ndi polembetsa kuvota. Fomu yake imafunsa mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi mayina a makolo, komanso pamafunika womuchitira umboni. Mnyamata amene anachoka kwawo ali ndi zaka 7, amene amangokumbuka kuti kwawo kunali mtengo wa mango pafupi ndi chigayo, mafunso amenewa sangawayankhe.